PAKHOMO PATHU: Mkaka wa M'mawere Pamene Mai Wayambanso Kusamba

Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya kuseri, yonga imene amai amanong'onezana okhaokha pa mtondo kapena pa njira ya ku chitsime. Mundikhululukire poiika poyera. Ndachita dala, pakuti ndaona kuti manyazi athu akupweteketsa makanda amene sangathe kudzilankhulira okha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa nkhani iyi wofunsa amakhalapo, womuyankha zoona ndiye amasowa.

Chaka chathachi, tsiku lina ana ataweruka, ine ndiri kuchonga makope pa khonde, panafika mai wina wachitsikana amene ndinamphunzitsa kale m'Sitandade 5. Anali ndi khanda la miyezi 4 kumbuyo. Titalonjerana ndinaona kuti mwanayo ndi wofooka, ndipo mai wake misozi iri lengelenge. Anati, "Aphunzitsi, mkaka wanga waonongeka. Ndinayambanso kusamba sabata latha, mawere apepuka, ndipo mwana akungolira pa bere. Apongozi akuti ndimleke kufikira nditatsiriza, chifukwa mkaka wa masiku otere ndi woipa. Takhala tikumpatsa phala la madzimadzi ndi tiyi, tsopano watsegula m'mimba."

Apongoziwo ndimawadziwa. Ndi munthu wabwino, wokonda mdzukulu wao, ndipo sanachite ichi mwa nkhanza ai. Ananena zimene iwonso anauzidwa ali mtsikana. Madzulo omwewo tinamtengera mwanayo ku chipatala, ndipo pobwerera ndinatsimikiza mtima kuti ndidzalemba za nkhaniyi, kuti ina nyumba isadzaone zomwezi.

CHIFUKWA CHAKE MAI WOYAMWITSA AMACHEDWA KUSAMBA

Tiyambe ndi kumvetsa m'mene thupi limagwirira ntchito. Mwana akamayamwa, nsonga ya bere imatumiza uthenga ku bongo, ndipo kachiwalo kakang'ono kamene kali kunsi kwa bongo kamatulutsa timadzi ta m'thupi timene madokotala amatitcha mahomoni. Pa nkhani ya mkaka mahomoni akulu ndi awiri. Ina dzina lake ndi prolactin, ndiyo imalamula bere kupanga mkaka. Inzake ndi oxytocin, ndiyo imafinya timatumba ta m'bere kuti mkaka utsike ndi kufika m'kamwa mwa mwana. Kuyamwa komweko kumatsekerezanso mahomoni ena amene amakhwimitsa dzira la mai. Dzira likapanda kukhwima, msambo nawo umadikira.

Ndicho chifukwa chake mai amene sayamwitsa amayambanso kusamba msanga, kawirikawiri pa masabata 6 kapena 8 atabereka, pamene woyamwitsa usana ndi usiku angathe kukhala miyezi 6, chaka, ngakhale kupitirira apo asanaone kanthu. Koma matupi amasiyana monga minda isiyana. Alipo amai amene amayamwitsa bwino lomwe, komabe amayamba kusamba mwana ali ndi miyezi 2 kapena 3. Otere sanalakwe kanthu, ndipo sadwala.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri. Magazi amene amatuluka mai atangobereka, nthawi ya chikuta ndi masabata otsatira, si msambo ai. Chimenecho ndi chiberekero chikudzitsuka ndi kubwerera m'malo mwake, ndipo chingathe kutenga masabata 6. A chipatala sawerengera ngati msambo magazi otuluka m'masiku 56 oyamba mai atachira.

Nanga chimafulumizitsa msambo n'chiyani? Ndi chirichonse chimene chichepetsa kuyamwa. Mwana akayamba kugona usiku wonse osadzuka, akayamba kupatsidwa madzi, phala kapena mkaka wa m'chitini, kapena mai akabwerera ku ntchito. Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limapatsa mai tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, ndipo amai ambiri olembedwa ntchito amayamba kusiya khanda pakhomo lisanakwane miyezi 3. Apa mugwire mfundo yofunika kwambiri. Nthawi zambiri msambo umafika pamodzi ndi kuchepa kwa mkaka chifukwa zonse ziwiri zachokera pa muzu umodzi, ndiwo kuchepa kwa kuyamwa. Tsono ife timausenzetsa mlandu msambo, pamene mwini mlandu ndi wina.

KODI MKAKA UMAIPA?

Yankho ndi lalifupi: ai, suipa. Mkaka umapangidwa m'bere, kuchokera ku zakudya ndi madzi zimene ziri m'magazi a mai. Zotuluka pa nthawi ya msambo zimachokera m'chiberekero, ndipo palibe mtsempha kapena njira imene ingazitengere ku bere. Mkaka wa mai amene ali kumwezi uli ndi chakudya chomwecho ndi chitetezo chomwecho chimene chimatchinjiriza mwana ku kutsegula m'mimba ndi chibayo. Za mchere wa m'ndiwo sindikangana ndi agogo lero, imeneyo tidzakamba tsiku lina. Koma za bere ndinena mosabisa: palibe tsiku ngakhale limodzi pa mwezi limene mai ayenera kumana mwana bere chifukwa cha kusamba.

Komabe tisawanene amai kuti akunama pamene adandaula kuti mkaka wachepa. Chiripo chimene chimasinthadi mwa ena. Mahomoni a msambo, otchedwa estrogen ndi progesterone, amakwera ndi kutsika pa mwezi, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneku kumakhudzako bere. Mai wina amaona mkaka ukucheperako masiku ochepa asanasambe ndi tsiku loyamba kapena lachiwiri la kusambako. Wina amaziona pakati pa mwezi, pamene dzira likutuluka. Pa masiku ena a mwezi mchere wa mu mkaka umachulukirako pang'ono ndipo kutsekemera kumatsikako, chotero mwana wina amayamwa monyinyirika, kugwira ndi kusiya. Nsonga za mawere nazo zingathe kumva kuwawa. Amai ambiri saona kusintha kulikonse.

Chachikulu n'chakuti zimenezi n'za masiku owerengeka. Mwana akapitiriza kuyamwa, mkaka umabwerera m'malo mwake wokha, msambo usanathe n'komwe. Choopsa si kuchepa kwa masiku atatuwo, choopsa ndi zimene banja lichita chifukwa cha mantha pa masiku amenewo.

LAMULO LA BERE

Inu amene munakulira pafupi ndi mtsinje wouma m'chilimwe mukudziwa chitsime chofukula mu mchenga. Ukatungamo, madzi ena amadzera pansi ndi kudzaza pamene watungapo. Ukachileka chodzala, palibe madzi atsopano amene alowamo. Bere liri chimodzimodzi. Si mtsuko umene umadzazidwa kamodzi kenaka n'kutha. Likayamwidwa ndi kupepuka, thupi limamva kuti mkaka ukufunika ndipo limapanga wina. Likakhala lodzala nthawi yaitali, thupi limamva kuti mkaka wachuluka ndipo limachepetsa.

Taonani tsono chimene chimachitika m'nyumba zambiri. Mai wasamba, mkaka wacheperako, mwana akulira. Wina ati, "Mpatseni kaphala." Mwana wakhuta phala, wagona, ndipo tsiku limenelo wayamwa kasanu m'malo mwa kakhumi. M'mawa mwake bere lapanga wochepa kuposa dzulo, mwana walira kwambiri, phala laonjezeredwa. Pofika mwezi wa mawa mkaka wachepadi, ndipo onse ati, "Tinanena kuti msambo umaumitsa mawere." Chonsecho amene waumitsa bere ndi supuni ya phala. Kuonjezera apo, m'mimba mwa khanda losakwana miyezi 6 simunakhwime, ndipo madzi, botolo kapena kapu zosatsuka bwino zimalowetsa tizirombo. Ndiko kunachokera kutsegula m'mimba kwa mwana wa wophunzira wanga uja.

ZIMENE MAI ACHITE PA MASIKU AMENEWA

Choyamba, ayamwitse kawirikawiri kuposa masiku onse. Khanda la miyezi yoyamba limayamwa ka 8 kufikira ka 12 pa usana ndi usiku, ndipo pa masiku a msambo lingafune kupitirira apo. Asadikire kuti bere lidzale, asadikirenso kuti mwana alire. Akaona mwana akutembenuza mutu, kuyamwa zala kapena kunyambita milomo, amuike ku bere. Mai amene waphunzira masiku ake angathe kuyamba kuonjezera kuyamwitsa masiku awiri kapena atatu asanasambe.

Chachiwiri, asaleke kuyamwitsa usiku. Homoni ija yopanga mkaka imachuluka usiku koposa usana, chotero kuyamwa kwa usiku ndiko kumasunga mkaka wa mawa. Mwana agone pafupi ndi mai wake m'masikito, chagada, kutali ndi mapilo ndi mabulangete olemera. Asagone pa kama kapena pa mphasa imodzi ndi munthu woledzera kapena wosuta fodya.

Chachitatu, aonetsetse kuti mwana wagwira bere bwino. Kamwa litseguke kwambiri, chibwano chikhudze bere, mlomo wa m'munsi upindikire kunja, ndipo mwana alowetse m'kamwa gawo lalikulu la malo akuda ozungulira nsonga, osati nsonga yokha. Mwana woyamwa ku nsonga yokha sapeza mkaka wokwanira ndipo amachititsa zilonda. Pa masiku amene nsonga zikumva kuwawa, kagwiridwe kabwino kamachepetsa ululu, ndipo mai angathe kuyamba ndi bere limene silikuwawa kwambiri.

Chachinai, alole mwana atsirize bere limodzi asanamsinthire ku linzake, pakuti mkaka wa kumapeto uli ndi mafuta ambiri ndipo ndiwo umakhutitsa. Akaona kuti mwana waleka kumeza, afinye bere pang'onopang'ono ndi dzanja mwanayo ali chiyamwire, kuti mkaka uthamange. Likatha loyamba ampatse lachiwiri, ndipo ngati akufunabe abwerere ku loyamba lija. Bere silitheratu mkaka, limapanga wina mwana ali pomwepo.

Chachisanu, ngati mwana akukana, asamkakamize ndipo asataye mtima. Amfukatire pa chifuwa khungu ndi khungu, pa malo a phee, ndipo ayesenso pamene mwanayo ali ndi tulo kapena wangodzuka. Ngati wakanitsitsa, mai asambe m'manja ndi sopo, afinyire mkaka m'kapu yoyera, ammwetse ndi kapu yomweyo. Kufinya kumauza thupi kuti mkaka ukufunikabe. Mai wa pa ntchito kapena wa ku munda wa kutali achite chomwecho. Mkaka wofinya, wovundikira bwino ndi kuikidwa pa malo ozizira m'nyumba, ungathe kukhala maola 4 osaonongeka, ndipo m'firiji umakhala masiku angapo.

Chachisanu ndi chimodzi, mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe china chirichonse: madzi, tiyi, phala, madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'chitini, kupatula mankhwala olembedwa ku chipatala. Mwa magawo 100 a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 87 ndi madzi, chotero ngakhale pa dzuwa la mu Okutobala mwana woyamwa mokwanira safuna madzi ena. M'chaka cha 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa langizo lakuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, kenaka ayambe zakudya zina akupitirizabe kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Ngati mwana wapitirira miyezi 6, apitirize kudya phala lake lothira nsinjiro ndi zina monga mwa masiku onse, koma bere lisachepetsedwe, ndipo masiku a msambo asakhale chifukwa chomletsera kuyamwa.

Chotsiriza, mai asapirire ululu pachabe. Kupweteka, nkhawa ndi kutopa zimachedwetsa kutsika kwa mkaka. Nsalu yofunda pa mimba kapena pa msana imathandiza, ndipo mankhwala a paracetamol, amene ambiri timawatcha Panado, kapena ibuprofen, akamwedwa pa muyeso wake, saletsa kuyamwitsa. Koma mankhwala osadziwika a pa msika ndi zitsamba zoti zichulukitsa mkaka, azipewe.

TIDZIWA BWANJI KUTI MWANA AKUKHUTA?

Amai ambiri amayesa mkaka ndi kulemera kwa bere. Muyeso umenewu umanyenga. Mwana akafika miyezi 2 kapena 3, mawere amafewa ndipo amaleka kudontha, osati chifukwa mkaka watha, koma chifukwa thupi laphunzira kupanga wolingana ndi umene mwana akufuna. Kulira nako si umboni, pakuti mwana amalira chifukwa cha kutentha, tulo, mpweya m'mimba, kapena kungofuna mai wake. Iliponso nyengo zina pamene mwana akukula mofulumira, nafuna kuyamwa kosalekeza kwa masiku awiri kapena atatu.

Muyeso woona uli pa thewera ndi pa sikelo. Mwana wokhuta amanyowetsa matewera 6 kapena kupitirira pa usana ndi usiku, ndipo mkodzo wake ndi woyera, wosanunkha kwambiri. Poyamwa amamveka kumeza, ndipo akatsiriza amamasuka thupi. Akadzuka ndi wochangamuka. Kuposa zonse, mzere wa m'buku lake la ku sikelo umakwera mwezi ndi mwezi. Ife aphunzitsi sitimweruza mwana ndi tsiku limodzi limene walakwa masamu, timayang'ana teremu yonse. Chomwechonso musaweruze bere ndi masiku atatu a msambo. Pitani naye mwana ku sikelo mwezi uliwonse, ndipo buku lija likuuzani zoona.

CHAKUDYA CHA MAI

Mai amene akuyamwitsa ndi kusambanso, thupi lake likupereka mbali ziwiri, mkaka ndi magazi. Kupanga mkaka kokha kumafuna mphamvu zoonjezera pafupifupi makalori 500 pa tsiku, ndiye kuti mai ayenera kudya kamodzi kapena kawiri kuposa m'mene amadyera ena pakhomo. Thupi la mai ndi lodzipereka: ngakhale chakudya chichepe, limayesetsa kupanga mkaka pochotsa za m'thupi mwake momwe. Amene amayamba kufooka ndi mai, ndipo mai wofooka sangathe kudzuka usiku kuyamwitsa.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, ndiwo za masamba, zipatso ndi za mafuta. Sizifuna ndalama zambiri. Pobwezera magazi, mai adye zakudya za ayironi monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, nyemba, nandolo, soya, chiwindi ndi nyama ikapezeka. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga yomwe, zimapatsa kashiamu wolimbitsa mafupa. Gwafa, lalanje kapena mlambe zikadyedwa pamodzi ndi nsima zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Tiyi amwedwe patapita nthawi. Mai amene akumva chizungulire, mtima kugunda msanga, kupuma movutikira, ndi m'maso kapena m'manja kuyera, apite akamuyeze magazi, pakuti ku chipatala kuli mankhwala oonjezera magazi.

Amwe madzi nthawi iriyonse akamva ludzu, ndipo ndi bwino kuika kapu ya madzi pafupi poyamwitsa. Thobwa ndi labwino, limapha ludzu ndi kupatsa mphamvu, koma palibe chakumwa kapena chakudya chimene chingadzaze bere limene siliyamwidwa. Mowa wokha ndiwo apewe, pakuti umalowa mu mkaka ndipo umachedwetsa kutsika kwake.

MSAMBO NDI BELU LA KULERA

Apa abambo atchere khutu. Kuyamwitsa kumatetezadi mai kuti asatenge pakati, koma pali malire. M'chaka cha 1988 akatswiri a zaumoyo anakumana ku Bellagio m'dziko la Italy, ndipo anagwirizana kuti chitetezo chimenechi n'chodalirika pokhapokha zinthu zitatu zikhalepo pamodzi: mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mai asanayambenso kusamba. Zitatuzi zikakhalapo, mwa amai 100 amene angatenge pakati sapitirira 2. Koma chimodzi chikachoka, chitetezo chatha. Mai amene wasamba adziwe kuti angathe kuima mwezi uliwonse. Ndiponso dzira lingathe kutuluka msambo woyamba usanaoneke, chotero mwana akakwana miyezi 6 banja lisadikire kuona magazi.

Chimene chimachepetsadi mkaka kwa nthawi yaitali si msambo, koma mimba yatsopano. N'chifukwa chake makolo athu ankaopa kutumbiza mwana, ndipo pamenepo anaona bwino. A WHO amalangiza kuti papite zaka 2 mai atabereka asanatengenso pakati. Bambo ndi mai apitire limodzi ku chipatala, ndipo anene poyera kuti mai akuyamwitsa, pakuti mapiritsi olera amene ali ndi estrogen angathe kuchepetsa mkaka, makamaka m'miyezi 6 yoyamba. Ziripo njira zina zoyenera mai woyamwitsa, monga jakisoni, timitengo ta pa mkono, lupu, makondomu, ndi mapiritsi opanda estrogen. Anamwino adzawathandiza kusankha.

Msambo wa mai woyamwitsa nthawi zina umadumphadumpha miyezi. Koma ngati waima, mkaka n'kuchepa osabwerera, mai akayezetse. Akapezeka ndi pakati asamchotse mwana ku bere mwadzidzidzi. Mkaka wa mai wapakati si poizoni. Utumbidwa umadza chifukwa mwana waletsedwa bere tsiku limodzi, natumizidwa kwa agogo, popanda chakudya cholowa m'malo mwa mkaka. Mai afunse uphungu ku sikelo ya amai, aonjezere chakudya chake ndi cha mwanayo.

Kwa mai amene ali ndi kachirombo ka HIV, langizo la bere lokha ndi lofunika koposa. Kuyambira chaka cha 2011 dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwa moyo wonse kwa mai aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene wapezeka nako. Amwe mankhwala ake tsiku ndi tsiku, asasakanize bere ndi phala kapena madzi mwana asanakwane miyezi 6, ndipo akaona zilonda pa nsonga za mawere afulumire ku chipatala.

NTHAWI YOTHAMANGIRA KU CHIPATALA

Kudekha n'kwabwino, koma pali zizindikiro zosafuna kugonera. Kwa mwana: kukodza kochepa kwambiri, liwombo kulowa, maso kulowa, kufooka mpaka kulephera kuyamwa, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kapena kusanza chirichonse, ndi sikelo yosakwera kapena yotsika. Liwombo lolowa silifuna mankhwala opaka pa mutu, likunena kuti madzi atha m'thupi. Pa njira yonse ya ku chipatala mwanayo aziyamwa. Kwa mai: magazi ochuluka onyowetsa nsalu kapena padi pa ola limodzi, magazi a mibulu ikuluikulu, kusamba kopitirira sabata, fungo loipa, kutentha thupi, kapena bere lotupa, lofiira ndi lotentha. Ndipo ngati msambo watha, sabata lapita mai akuyamwitsa kawirikawiri koma mwana sakukhutabe, apite akamuone namwino m'mene akuyamwitsira.

MAU KWA A PAKHOMO

Kwa inu abambo: mutu umodzi susenza denga. Mkazi wanu sangathe kuyamwitsa ka 12, n'kutunga madzi, n'kutola nkhuni, n'kulima, n'kuphika, thupi likuwawa. Pa masiku amenewa mpepuzeni. Tengani ndowa, sambitsani ana okulirapo, ndipo ndalama imene mukadagulira chitini cha mkaka mugulire mazira, usipa ndi mtedza za mai. Mau anu olimbikitsa ali ndi mphamvu, pakuti mtima wa mai ukakhazikika mkaka umatsika bwino. Ndipo abale anu akayamba kumnena, muime ndinu kumtchinjiriza.

Kwa inu agogo ndi apongozi, ndi inu amai olangiza atsikana ndi maanja atsopano: mau anu amamveka pakhomo kuposa a namwino, chifukwa namwino amamuona mai kamodzi pa mwezi, pamene inu muli naye tsiku ndi tsiku. Zambiri zimene munatiphunzitsa n'zoona: kubereka mwana kumbuyo, kugona naye pafupi, kuyamwitsa zaka ziwiri, kusatumbiza. Zimenezi musazitaye. Koma ichi cha kumana mwana bere pa masiku a msambo, kapena kumpatsa phala asanakwane miyezi 6, tichisiye. Kusintha pamene taona choonadi sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu.

Kwa inu achinyamata: musati nkhani iyi si yanu. Mawa ndinu makolo. Atsikana, phunzirani kuwerenga masiku anu ndi kulemba, pakuti chizolowezi chimenecho chidzakuthandizani mukadzakhala amai. Anyamata, lekani kuseka za msambo. Si matenda, si chonyansa, ndipo mlongo wanu kapena mlamu wanu akakhala ndi khanda, mtolereni nkhuni osadikira kutumidwa.

Mufuna kudziwa za mwana uja. Ku chipatala anampatsa thanzi ndi mankhwala a zinc, ndipo namwino anawakhazika pansi mai ndi apongozi ake onse awiri, nawafotokozera zimene ndalembazi. Phala linalekedwa. Masiku oyamba anali ovuta, pakuti mkaka unali utachepadi, ndipo mwanayo ankayamwa pafupifupi ola lirilonse. Apongozi aja ndiwo anatenga ntchito zonse za pakhomo, namphikira mpongozi wao nsima ya mgaiwa ndi ndiwo zotendera. Pasanathe masabata 2 matewera anayambanso kunyowa monga kale. Mwezi wotsatira mai anasambanso, mawere anapepukanso masiku awiri, koma panalibe amene anatchula za phala. Ndinakumana nao posachedwa akuchokera ku sikelo, mwana akuyenda dzanja liri m'chitenje cha agogo ake, ndipo akuyamwabe.

Mukatha kuwerenga, musaike magazini ino pansi pa mphasa. Kawerengereni mai wa khanda amene mwayandikana naye, pamodzi ndi apongozi ake. Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa mawa.